Kulira Pamaso pa Mulungu: Kudandaula Nakonso Ndi Chikhulupiriro

  Ndikuthokoza inu amene mwabwera mitima ili yolemera. Ena mwaika wokondedwa wanu chaka chomwe chino, ena mwasiya wodwala kunyumba, ena mwasenza chinthu chimene simunauzeko munthu aliyense. Nkhani ya lero ndi yanu poyamba, enafe tibwere pambuyo panu.

Funso limene latisonkhanitsa ndi ili: kodi Mkhristu angathe kuuza Mulungu kuti zamupweteka, kuti sakumvetsa, kuti thandizo lachedwa, iye osachimwa? Ambirife tidakula tikumva kuti sizitheka. Nonse mudakhalapo pa siwa. Mayi akamabuma maliro n'kufika pofunsa kuti, "Mulungu wanga, ndakulakwirani chiyani ine?" sipalephera kupezeka wina womugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Musatero mayi, mukuchimwa. Mulungu safunsidwa. Limbani mtima." Wonenayo amanena mwachikondi, koma lero ndikufuna tione ngati akunena zoona.

Mawu amene ndikufuna mupite nawo kwanu ndi awa: wodandaula kwa Mulungu sanachoke kwa Mulungu. Ndiwabwereza kangapo, musatope nawo. Ndayala nkhaniyi pa mfundo zisanu. Yoyamba, Baibulo ladzaza ndi kulira. Yachiwiri, kudandaula n'kosiyana ndi kung'ung'udza. Yachitatu, Yesu mwini wake adalira, ndipo mpingo wake wakhala ukulira. Yachinayi, chisoni chotsekeredwa pakamwa chimatulukira pena. Yachisanu, kudandaula kuli ndi njira yake, ndipo mpingo uli ndi ntchito yake.

Mfundo yoyamba: Baibulo ladzaza ndi kulira

Abale anga, buku la Masalimo lili ndi masalimo 150. Amene adaliphunzira mozama amati pafupifupi limodzi mwa masalimo atatu alionse ndi lodandaula. Ndipo kumbukirani kuti Masalimo sadali makalata obisa pansi pa mphasa. Lidali buku la nyimbo la Aisraele, loimbidwa pagulu m'nyumba ya Mulungu. Tsono anthu a Mulungu ankaimba madandaulo awo mokweza, ansembe akumva, ana akumva.

Mukafika kunyumba mukawerenge Salimo 13. Lili ndi mavesi 6 okha, koma m'mavesi awiri oyambirira woimbayo afunsa Mulungu kanayi konse kuti mavuto ake adzatha liti. Mukawerengenso Salimo 44. M'menemo mtundu wonse ukuuza Mulungu kuti sudaiwale pangano lake koma iye wautaya, mpaka kufika pomudzutsa ngati munthu amene wagona. Kenaka mukatsegule Salimo 88, la Hemani. Masalimo ambiri odandaula amathera pa chiyembekezo, koma limeneli layamba ndi kulira usana ndi usiku, lathera mumdima, abwenzi onse atachotsedwa. Mulibe vesi lotembenuza nkhani. Komabe lili m'Buku Lopatulika lomwe mwanyamulalo.

Pali buku lathunthu lotchedwa Maliro. Lidalembedwa chifukwa cha kugwa kwa Yerusalemu cha m'chaka cha 587 Khristu asanabadwe, pamene ankhondo a Nebukadinezara, mfumu ya ku Babulo, adagumula malinga a mzindawo, kutentha Kachisi ndi kutenga anthu ukapolo. Bukuli silibisa kanthu: likamba za ana okomoka ndi njala m'misewu, za amayi ochitidwa chipongwe, za akalonga onyozedwa. Timakonda mavesi a pakati pa mutu 3, onena za chifundo cha Mulungu chimene chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse, ndipo timachita bwino kuwakonda. Koma bukulo silithera pamenepo. Vesi lake lomaliza likusiya funso lili m'malere, loti mwina Mulungu wawakana anthu ake kotheratu.

Nanga Yobu? Pa maliro timakonda mutu 1, pomwe Yobu, atataya chuma ndi ana khumi, adagwada n'kulemekeza dzina la Mulungu. Tikachoka apo timalumphira ku mutu 42, pomwe adalandira zonse kawiri. Koma pakati pa mitu iwiriyi pali mitu 40. M'mutu 3 munthu yemwe uja akutemberera tsiku limene adabadwa. Patsogolo pake akunena kuti Mulungu wamusandutsa chandamale, ndipo akufuna bwalo loti akatsutsane naye maso ndi maso. Kulalikira mutu 1 wokha n'kuwapatsa anthu Yobu wodulidwa pakati.

Onjezani Hana, amene adalira ku Silo chifukwa chosowa mwana, mpaka wansembe Eli adamuyesa woledzera. Onjezani Naomi, amene pobwerera ku Betelehemu atataya mwamuna ndi ana aamuna awiri adauza amayi a m'mudzimo poyera kuti Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Onjezani Habakuku, amene buku lake layamba ndi kufunsa chifukwa chimene Mulungu akuonerera chiwawa. Onjezani Yeremiya, amene m'mutu 20 adafika ponena kuti Mulungu adamunyengerera kulowa ntchito imene yamusandutsa choseketsa.

Tsono ndikufunseni: adasunga mawu onsewa ndani? Ngati timavomereza kuti Baibulo ndi mawu a Mulungu, tivomerezenso kuti Mulungu mwini ndiye adatisungira mawu omudandaulira nawo. Akadakhala kuti amanyansidwa nawo, sakadawaika m'buku lake. Wodandaula kwa Mulungu sanachoke kwa Mulungu.

Mfundo yachiwiri: kudandaula n'kosiyana ndi kung'ung'udza

Wina anena kuti, "Koma aphunzitsi, Aisraele aja adathera m'chipululu chifukwa cha kung'ung'udza." N'zoona, ndipo mfundo imeneyi tisaizembe. Pa Numeri 14, anthu atamva lipoti la azondi adalira usiku wonse, nang'ung'udza motsutsana ndi Mose ndi Aroni, napangana zosankha mtsogoleri wina woti awabwezere ku Ejipito. Mulungu adakwiya, ndipo m'badwo umenewo sudalowe m'dziko lolonjezedwa.

Koma bwererani pang'ono pa Numeri 11. Pamenepo wolankhula ndi Mose. Akufunsa Mulungu chifukwa chimene wamuchitira choipa pomusenzetsa anthu onsewa, akufunsa ngati ndiye adawabereka, ndipo akumaliza n'kupempha kuti ngati zinthu zikhale choncho, kuli bwino Mulungu angomupha. Mukaika mawu a Mose pambali pa mawu a anthu aja, a Mose ndiwo akuthwa kwambiri. Nanga Mulungu adamulanga? Ayi. Adamupatsa akuluakulu 70 oti amuthandize kusenza katunduyo.

Kusiyana kwake kuli pati? Taganizani za kumudzi kwathu. Ng'ombe za mnzanu zadya chimanga m'munda mwanu, mwakatula nkhani kwa amfumu, koma miyezi ikupita mlandu osazengedwa. Munthu wina zikatero amapita pa mowa n'kumanena kuti mudzi uno ulibe mfumu, ndipo amayamba kufunsira malo kwina. Wina amapita kwa amfumu komweko, amakhala pansi, amaomba m'manja, n'kunena kuti, "Mfumu, mlandu wanga uja mwauiwala kodi? Ana anga adya chiyani chaka chino?" Mwina mawu ake akunjenjemera ndi mkwiyo, mwina misozi ili m'masaya. Koma mwa awiriwa, amene akulemekeza ufumu ndani? Ndi wachiwiriyu. Munthu sadandaula kwa mfumu imene saivomereza. Kupita kwake kubwaloko ndi umboni woti akudziwa kuti mfumu ilipo, ili ndi mphamvu, ndipo iyenera kuweruza molungama.

Wong'ung'udza amanena za Mulungu atamufulatira, maso ali ku Ejipito. Wodandaula amalankhula ndi Mulungu atamuyang'ana. Mawu angathe kufanana, ukali ungathe kufanana, koma nkhope zaloza kosiyana.

Umboni wake uli kumapeto kwa buku la Yobu. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, adathera mitu yambiri akuikira Mulungu kumbuyo, akunena kuti Yobu ayenera kuti adachimwa. Yobu yekha ndiye ankatembenukira kwa Mulungu n'kumufunsa mafunso. Mulungu atayankha, adamudzudzuladi Yobu chifukwa cholankhula zinthu zomupitirira nzeru, Yobu nadzichepetsa. Koma pa mutu 42 vesi 7, mkwiyo wa Mulungu udayakira anzake aja, poti sadanene zoona za iye monga adachitira Yobu. Ndipo adawatuma kwa Yobu yemweyo kuti akawapempherere. Akulu a mpingo, tamvetsani bwino pamenepa: oikira Mulungu kumbuyo ndiwo adafunika kupemphereredwa ndi wodandaula uja.

Mfundo yachitatu: Yesu adalira, mpingo wake wakhala ukulira

Ngati kulira kuli kuchepa kwa chikhulupiriro, tili pa vuto, chifukwa Ambuye wathu adalira. Ku Betaniya, Lazaro atagona m'manda masiku anayi, Marita adamuchingamira Yesu ndi dandaulo loti akadafika msanga mlongo wake sakadamwalira. Mariya naye atafika adanena zomwezo. Yesu sadawakalipire. Adafunsa kumene adamuika, ndipo pamaso pa anthu onse adagwetsa misozi. Onani kuti iye ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa Lazaro. Kudziwa za kuuka kwa akufa sikudaumitse maso ake.

Luka akutiuza kuti Yesu ataona mzinda wa Yerusalemu adaulirira. Ku Getsemane adauza ophunzira atatu kuti chisoni chake n'chofa nacho, nawapempha kuti achezere naye, napempha Atate katatu kuti chikho chimupitirire. Kalata ya kwa Ahebri, mutu 5 vesi 7, imati adapereka mapemphero ake ndi kulira kwakukulu ndi misozi, ndipo adamveka. Pamtanda, mawu amene adafuula adawatenga koyambirira kwa Salimo 22, kufunsa Mulungu wake chifukwa chimene wamusiyira. Mwana wa Mulungu, pa ola limene ankatiwombola, adapemphera salimo lodandaula. Nanga ife ndife yani kuti tiletse mayi wamasiye funso limene lidatuluka pakamwa pa Yesu?

Ena amatchula 1 Atesalonika 4 vesi 13 poletsa anthu kulira. Mukawerengenso bwino. Paulo sakuletsa chisoni. Akuletsa chisoni cha anthu opanda chiyembekezo. Paulo yemweyo adauza Afilipi, m'kalata imene imabwerezabwereza za kukondwera, kuti Epafrodito akadamwalira, iye akadakhala ndi chisoni chosanjikizana. Stefano ataponyedwa miyala, buku la Machitidwe limati anthu oopa Mulungu adamuika ndi kumulira kwambiri, ngakhale adamwalira akuona kumwamba kutatseguka.

Mbiri ya mpingo nayo ikuchitira umboni. Augustine, mwana wa Africa amene pambuyo pake adakhala bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, adabatizidwa m'chaka cha 387. Chaka chomwecho mayi ake, Monica, adamwalira ku Ostia, pafupi ndi Rome, ali pa ulendo wobwerera kwawo. M'buku lake lotchedwa Confessions akulongosola kuti adadziletsa kulira, poganiza kuti imfa ya mayi woopa Mulungu siyenera misozi. Mwana wake Adeodatus atayamba kulira agogo akewo, adamutontholetsa. Kumanda Augustine sadagwetse msozi, koma mtima unkamuwawa tsiku lonse. Atagona n'kudzuka, ali yekha, adakumbukira moyo wa mayi ake, ndipo adalola misozi kutsika pamaso pa Mulungu. Akuti pamenepo mtima wake udapuma, chifukwa womumva adali Mulungu, osati munthu woti amuweruze.

Martin Luther adataya mwana wake wamkazi Magdalena, wa zaka 13, m'chaka cha 1542 ku Wittenberg. Ankakhulupirira ndithu kuti mwanayo ali pa mtendere, koma adavomereza kwa anzake kuti chisoni chikumuposa mphamvu. Kufupi ndi kwathu kuno, David Livingstone adaika mkazi wake Mary pansi pa mtengo wa mlambe ku Shupanga, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, mu Epulo 1862, atamwalira ndi malungo. Munthu amene adapirira mkango, njala ndi maulendo ataliatali adalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku kuti kwa nthawi yoyamba adamva kuti angalole kufa. Anthu amenewa sadali ofooka m'chikhulupiriro. Wodandaula kwa Mulungu sanachoke kwa Mulungu.

Mfundo yachinayi: chisoni chotsekeredwa pakamwa chimatulukira pena

Amayi ndi abambo, pano ndipo nkhaniyi ikutikhudza ife eni dziko lino. Munthu akafedwa, mumtima mwake mumabadwa funso loti, "Chifukwa chiyani?" Funso limeneli silifa chifukwa choti mwaliletsa. Mukalitsekera khomo la kwa Mulungu, limakagogoda pena. Ndipo kwathu kuno tikudziwa kumene limapita: "chifukwa chiyani" amasanduka "ndani". Lamulungu munthu ali m'tchalitchi akuimba, Lolemba ali kwa sing'anga kukaombeza. Akabwerako, chala chaloza agogo a kuseri kwa nyumba.

Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, mphenzi idapha mtsikana, ndipo anthu olusa adapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenziyo. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lakhala lilipo m'dziko muno kuyambira 1911, koma nkhani zotere sizikutha. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo sindikuzisenzetsa mpingo wokha. Koma tidzifunse: tikamaphunzitsa anthu kuti Mulungu safunsidwa, mkwiyo wa namfedwa timati upite kuti? Masalimo ali ndi yankho. Salimo 137 ndi Salimo 109 ali ndi mawu aukali oti ena amachita nawo manyazi kuwawerenga pa guwa. Koma woimbayo sadatole mwala. Adatula mkwiyo wake wonse, wosasefa, m'manja mwa Woweruza, n'kuusiya momwemo. Mkwiyo wotulidwa kwa Mulungu suwotcha nyumba ya agogo.

Kwa abambo, chisoni chimatulukira njira inanso. Tidakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira. Pa maliro amayi ali m'nyumba akulira, abambo ali panja pa moto akukamba za mpira ndi mtengo wa fetereza, mwini maliro ali pakati pawo maso ali gwa. Pakapita miyezi timamva kuti bambo uja walowerera mowa, kapena sakugona, kapena wayamba nkhanza pakhomo. Malipoti a apolisi akhala akusonyeza chaka ndi chaka kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri ndi amuna. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Abambo anzanga, Davide adapha Goliati, adatsogolera ankhondo, koma atamva za imfa ya Abisalomu adakwera m'chipinda cha pamwamba pa chipata akulira mofuula, akutchula dzina la mwana wake mobwerezabwereza. Yosefe adali nduna yaikulu ya Ejipito, koma adalira mpaka a kunyumba ya Farao adamva. Umuna wawo sudachepe.

Njira yachitatu ndi yachete, ndipo ndiyo yoopsa kwa mpingo. Munthu amangosiya kupemphera. Amabwerabe ku tchalitchi, amavalabe yunifolomu, amaperekabe chakhumi, koma iye ndi Mulungu adasiya kuyankhulana tsiku la maliro lija. Adauzidwa kuti kwa Mulungu amapitako ndi mayamiko okha, ndipo poti mayamiko alibe, adaleka kupitako. Anthu otere ali m'mipingo mwathu, ndipo ena ndi atsogoleri.

Taganizaninso za Malichi 2023. Namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Nsanje ndi ku Chikwawa madzi adatenga anthu, ziweto ndi minda. Anthu oposa 1,000 adamwalira kapena kusowa, ndipo boma lidalengeza masiku 14 okhuza maliro. Chakudza sichiimba ng'oma. Mpaka lero alipo mabanja amene alibe manda oti akaimepo, chifukwa matupi a abale awo sadapezeke. Munthu wotere mukamuimbira nyimbo za chigonjetso zokhazokha, mwamusiya panja. Koma Salimo 79 likulira anthu amene adafa popanda wowaika m'manda. Pemphero la mabanja amenewa lidalembedwa kale. Chatsala n'chakuti ife tiwatsegulire.

Mfundo yachisanu: kudandaula kuli ndi njira yake, mpingo uli ndi ntchito yake

Ndiyambe ndi inu amene muli pa chisoni. Masalimo odandaula ambiri amayenda masitepe anayi, ndipo inunso mungayende momwemo.

Choyamba, muitaneni Mulungu. Ngakhale Salimo 88, lamdima lija, layamba ndi kutchula Mulungu kuti ndiye mpulumutsi. Ngati mawu ena akukanika, dzina lake lokha ndi chiyambi chokwanira. Paulo adauza Aroma, pa mutu 8 vesi 26, kuti pamene sitidziwa chopempha, Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosaneneka.

Chachiwiri, muuzeni zimene zachitika monga zilili. Tchulani dzina la malemuyo. Nenani za bedi la kuchipatala, za mankhwala amene adasowa, za ana amene atsala, za ngongole. Ngati mwakwiya nenani kuti mwakwiya. Iye akudziwa kale, ndipo simungamudzidzimutse.

Chachitatu, pemphani. Wodandaula samangolira, amafuna kanthu: tulo, chakudya cha ana, chilungamo, mphamvu yodzukira m'mawa. Kupempha ndiko kusonyeza kuti mukuyembekezabe kanthu kwa iye.

Chachinayi, kumbukirani zimene adachitapo kale, ndipo dikirani. Masalimo ambiri amafika pa kukhulupirira ndi kuyamika, koma amafikapo atadutsa masitepe enawo. M'buku n'kutsika mavesi anayi kapena asanu. M'moyo ingathe kukhala miyezi kapena zaka. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Ngati lero muli pa Salimo 88, pempherani Salimo 88.

Buku la Maliro likutiphunzitsanso kanthu kena pamenepa. M'Chihebri, mitu inayi yoyambirira idalembedwa motsata zilembo 22 za alifabeti yawo, kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. N'chifukwa chake mitu 1, 2 ndi 4 ili ndi mavesi 22, ndipo mutu 3 uli ndi 66. Wolembayo adakhala pansi, nachiyala chisoni chake mwadongosolo, osasiyako kanthu, koma adachiikira poyambira ndi pothera. Inunso mungatero. Patulani nthawi, tengani kope ngati mumatha kulemba, kapena itanani mnzanu mmodzi wokhulupirika, muyale zonse pamaso pa Mulungu, kenaka mudzuke mukadye. Mawa mudzabwererenso.

Tsopano kwa ife atsogoleri. Ndili ndi zopempha zisanu.

Choyamba, kwa alaliki. Tilalikire masalimo odandaula Lamulungu wamba, maliro asanagwe, kuti anthu akhale nawo m'thumba tsiku loipa lisanafike. Pa maliro tileke kulongosola chifukwa chimene Mulungu watengera munthu, poti sadatiuze. Mayi amene wataya mwana wa zaka zitatu mukamuuza kuti Mulungu wathyola duwa lake lokongola, amangogwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima amafunsa kuti Mulungu wake ndi wotani wothyola m'munda mwa wosauka. Baibulo limaitchula imfa kuti mdani, ndipo Khristu adabwera kudzaigonjetsa. Tisaidzoze mafuta.

Chachiwiri, kwa okhuza maliro. Anzake a Yobu adachita chinthu chimodzi chabwino kwambiri: adakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osanena kanthu. Adalakwa atatsegula pakamwa. Mwambo wathu wogona pa siwa, wotunga madzi, wobweretsa ufa ndi nkhuni, wopereka chipepeso, ndi ulaliki wokwana. Maliro n'kulirana, ndipo Paulo pa Aroma 12 vesi 15 akutilamula zomwezo. Namfedwa akafunsa funso lovuta, simukakamizidwa kuyankha. "Pepani, tili nanu" akwanira.

Chachitatu, kwa amayi a m'mabungwe, madikoni ndi atsogoleri a miphakati. Chisoni chenicheni chimayamba anthu akabalalika, atasesa, mapoto obwereka atabwezedwa. Bwereraniko pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, pakatha chaka. Ndipo mukapeza achibale akulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake, musangopemphera n'kuchoka. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Mpingo umene wamva kulira kwa wamasiye uyenera kumuperekeza kwa amfumu, kwa DC kapena kukhoti.

Chachinayi, kwa oimba ndi okonza mapemphero. Tawerengani nyimbo zimene kwaya yanu yaimba chaka chino, muone kuti ndi zingati zimene munthu wosweka mtima angaimbe osanama. Pekani nyimbo zodandaula m'chinenero chathu ndi m'maimbidwe athu. Pa nthawi ya maumboni timamva za amene adachira, amene adapeza ntchito, amene adakhoza mayeso. Pakhalenso mpata wopempherera amene adapemphera koma wodwala wawo sadachire, osawafunsa ngati chikhulupiriro chawo chidali chokwanira.

Chachisanu, kwa tonse. Tikumbukire zisoni zimene zilibe siwa. Mayi amene wapita padera, mwana wake n'kuikidwa ndi amayi okhaokha mwakachetechete, mawa lake aliyense n'kumachita ngati sipadachitike kanthu. Banja limene latha zaka khumi lopanda mwana. Bambo amene ntchito yamuthera. Mlimi amene chimanga chake chapserera chitamasula. Mtsikana amene adachitidwa chipongwe n'kuuzidwa kuti asachititse banja manyazi. Onsewa ali ndi malo pamaso pa Mulungu, monga Hana adali nawo ku Silo. Ndipo chisoni chikafika poti munthu sakudya, sakugona kwa nthawi yaitali, kapena akukamba zochotsa moyo wake, musamusiye yekha ndipo musachedwe: mupempherereni, ndipo mupite naye kuchipatala. Eliya atapempha imfa pansi pa kamtengo m'chipululu, Mulungu adayamba n'kumupatsa chakudya, madzi ndi tulo, kulankhula kudabwera pambuyo.

Abale ndi alongo, ndamaliza mfundo zanga zisanu. Baibulo ladzaza ndi kulira. Kudandaula si kung'ung'udza. Yesu adalira, ndipo oyera mtima adalira. Chisoni chotsekeredwa chimatulukira pena, nthawi zina mpaka kukhetsa mwazi. Ndipo kudandaula kuli ndi njira imene tingaphunzire ndi kuphunzitsa.

Ndikusiyireni ntchito. Aliyense wa inu akudziwa munthu mmodzi amene adafedwa kapena kugweredwa tsoka miyezi yapitayi, amene anthu adaleka kumuyendera. Musanagone lero, mutchuleni dzina pamaso pa Mulungu. Sabata ino isanathe, pitani kwawo. Musakonzekere ulaliki. Mukamufunse mmene zinthu zilili, ndipo akayamba kuyankha, musamudule mawu. Akafuna kupemphera koma mawu akusowa, mutsegulireni Salimo 13 muwerenge naye limodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mpingo umene tiumange pa nkhani imeneyi ndi womwewo umene udzatilandire ife tsiku lathu likadzafika.

Ambuye akudalitseni nonse.